Galu Amene Anakhala Pansi pa Katundu Wanga

Atate anga anali mlenje, ndipo ine ndinakulira pakati pa agalu. Ndinali kuyesa kuti palibe khalidwe la galu limene sindilidziwa, kufikira tsiku limene galu wa apolisi anandiziziritsa nkhongono.

Chaka china ndinakwera basi kunka ku Johannesburg kukaona mwana wanga. Tisananyamuke, mayi wina wachikulire anadza kwa ine ndi kathumba komanga bwino, nati, "Bambo, mundinyamulireko aka. Mwana wanga adzakuchingamirani komweko." Ndinachita manyazi kukana, ndinachitanso manyazi kumasula. Ndinangolandira ndi manja awiri.

Titafika pa chipata china cha m'malire, anatiuza kuti titsitse katundu yense ndi kumundandalika pansi. Pamenepo panatulukira mpolisi ali ndi galu wamng'ono wa makutu ogwa. Galuyo sanauwe konse. Anapitirira matumba a usipa, napitiriranso nkhuku yootcha ya mnzanga osaicheukira. Galu wa atate akadatero, tikadati wadwala. Koma pofika pa kathumba kaja ananunkhiza kawiri, nakhala pansi, duu!

"Mwini wake ndani?" anafunsa mpolisiyo. Ndinayankha ndi mawu onjenjemera, pakuti ndinadziwa kuti chikapezeka chamba m'menemo, wolowa m'ndende ndine, ndipo ngakhale dzina la mayi uja sindinalifunse. Anakhuthula zonse. Munali nyemba, mtedza ndi chitenje chimodzi. Anafunafuna nthawi yaitali osapeza kanthu, nandiuza kuti kapena thumbalo linasungapo chamba kale, popeza fungo limakanirira monga utsi pa malaya. Atatero anandilola kupita.

Ngakhale ndinali ndi mantha otere, ndinaona chinthu chimodzi chodabwitsa. Galuyo atakhala pansi sanandiyang'ane ine mpang'ono pomwe. Maso ake anali pa thumba la malaya a mbuye wake.

Nditabwerera kwathu ndinafotokozera mkulu wina wa m'mudzi mwathu, amene anagwirapo ntchito ya upolisi ndi agalu. Ndinamfunsa ngati n'zoona zimene anthu amanena, kuti agalu otere amawadyetsa chamba kuti azichilakalaka. Iye anaseka, nati, "Iyayi achimwene, mankhwala amenewo akhoza kumupha galu. Iye safuna chamba. Afuna choseweretsa chake." Tsono zimene anandiuza ndi zimene ndawerenga pambuyo pake ndi izi.

Poyamba amasankha galu wokonda kusewera kopambana, amene ukamubisira mpira sapuma kufikira ataupeza. Galu waulesi kapena woopa phokoso amamusiya. Mphunzitsi amatenga thaulo loyera lopanda fungo, nalikulunga, namakokana naye galuyo masiku ambiri, kufikira thaulolo likhala chinthu chokoma koposa zonse kwa iye. Pamenepo amakulungiramo mankhwala pang'ono, otsekeredwa bwino kuti galu asawadye. Galu amayamba kuyesa kuti fungo limenelo ndilo fungo la choseweretsa chake. Ndipo amambisira thaulolo, lero m'bokosi, mawa pansi pa mpando wa galimoto, mkucha pakati pa masutikesi. Akalipeza, masewera ayambika. Akatsata fungo la nyama kapena la sopo, sammenya ayi; amangokhala osalandira kanthu. Motero amaphunzira fungo la chamba, la heroin ndi la cocaine, limodzi limodzi. Potsiriza amamphunzitsa kuti akamva fungolo akhale pansi osakanda katundu wa anthu, ndipo mpira kapena thaulo limatuluka m'thumba la mbuye wake. Apo ndipo ndinamvetsa chimene galu uja anali kuyang'ana.

Mphuno ya galu si ya masewera. M'kati mwake muli tinthu tomva fungo toposa mamiliyoni 200, pamene munthu ali nato pafupifupi mamiliyoni 6 okha. Ife tikalowa m'nyumba timangoti, "Muno aphika ndiwo," koma galu amasiyanitsa nsomba ndi anyezi ndi nsinjiro. N'chifukwa chake wobisa chamba pakati pa fodya kapena khofi amadzivuta chabe. Ntchito yophunzitsa agalu a polisi si ya lero: mzinda wa Ghent ku Belgium unaiyamba m'chaka cha 1899, ngakhale kuti masiku amenewo anali agalu olondera usiku.

Koma inu owerenga musayese kuti galu salakwa. M'chaka cha 2011 anthu ophunzira a ku University of California, Davis, anafalitsa zimene anapeza atayesa agalu 18 pamodzi ndi ambuye awo. M'zipinda zoyeseramo munalibe mankhwala konse, koma ambuyewo anauzidwa kuti alimo, ndi kuti malo ena aikapo pepala lofiira. Agaluwo analoza malo opanda kanthu koposa ka 200, makamaka pamene panali pepala lija. Galu sadziwa tanthauzo la pepala. Anali kuwerenga thupi la mbuye wake, amene mwina anaima pamenepo nthawi yaitali. Ine sindinena kuti ndizo zinachitika kwa ine. Koma ndinali kutuluka thukuta tsiku lija, ndipo mpolisiyo anandiona.

Kunena za kathumba kaja, ndinakafikitsa ndithu. Mnyamatayo anandichingamira monga ananenera amake, nandithokoza kwambiri. Ndinamfunsa kumene amake anatenga thumbalo. Iye anadabwa ndi funso langa, nati amagula matumba akale pamsika, chifukwa ndiwo otsika mtengo.