Maina a pa Makomo a ku Eyam

Mudzi wa Eyam, umene eni ake amautchula kuti "Iim", uli m'mapiri a ku Derbyshire, kufupi ndi mzinda wa Sheffield kumene ndigwira nchito yosamalira okalamba. Ndi mudzi waung'ono wa nyumba za miyala, ndipo kale anthu ake anali kukumba mtovu. Pabwalo la tchalitchi ca St Lawrence pali mtanda wamwala wa zaka zoposa 1,000. Koma anthu ambiri amapita kumeneko cifukwa ca tinyumba tocepa tili pambali pa tchalitchico.

M'kanyumba kamodzi munali kukhala George Viccars, wothandizira telala. Mu 1665 kunabwera mtolo wa nsalu kucokera ku London, kumene mliri wa makoswe unali kupha anthu. Akuti munali nthata. Mu September Viccars anamwalira, ndipo oyandikana naye anayamba kumtsatira. Pofika June 1666, mbusa William Mompesson ndi mbusa wakale Thomas Stanley, anthu osiyana pa za cipembedzo, anagwirizana n'kupempha mudzi wonse kuti pasakhale wotuluka. Anthu anavomera, podziwa kuti kuthawa n'kupereka imfa kwa a midzi ina. Mapemphero anawasamutsira panja, pa cigwa ca Cucklett Delf, ndipo banja lililonse linali kuika lokha akufa ake.

Ndinayenda wapansi kukaona mwala wa pamalire a Eyam ndi Stoney Middleton. Uli ndi timaenje 6. M'menemo a ku Eyam anali kuthira viniga n'kuponyamo makobili, ndipo a kunja anali kusiya cakudya. Cina cinali kutumizidwa ndi Earl of Devonshire wa ku Chatsworth. Ine amene ndinakulira m'Kanyama, ndipo ndinaliko mu January 2018 pamene kolera inatsekesa malonda a m'misewu, mwala umenewu ndinaumva msanga. Munthu amakhala panyumba ngati pali womubweretsera unga. A ku Eyam anali olimba mtima, komanso anali ndi anansi amene sanawasiye ndi njala.

Mliri unatha mu November 1666, utapha anthu oposa 250. Patapita zaka zocepa, banja la Wright linamanga nyumba yaikulu ya Eyam Hall, yokongola mpaka lero. Ndinaiyang'ana kamphindi cabe. Cimene cinandiimika ndi zikwangwani za pa tinyumba tija: dzina la munthu, tsiku limene anafa, pansi pake dzina la mwana wake. Lero m'nyumbazo mukhala anthu ena, maluwa ali pakhomo, motoka ili panja, koma maina sanawacotse.

Kunja kwa mudzi, pakati pa munda, pali manda a Riley ozingidwa ndi kampanda ka miyala. Mu August 1666 Elizabeth Hancock anaika mwamuna wake ndi ana 6 m'masiku 8 okha. Panalibe adzukulu okumba manda, panalibe azimayi ogona pamaliro. Mwezi womwewo Catherine, mkazi wa Mompesson, nayenso anamwalira, ndipo manda ake ali pa tchalitchi. Mkazi wa mbusa akadakumbukika ndithu. Koma kuno ndi telala yemwe, ndi mayi wa kumunda yemwe, maina awo alipo. Caka ciliconse, pa Sondo yothera ya August, anthu amasonkhana ku Cucklett Delf kuwakumbukira.

Ku komboni kwathu nyumba sizikalamba. Lero ndi ya zipinda ziwiri, mawa landilodi waonjezerapo shopu, mkuja yagulitsidwa. M'caka ca kolera cija, pa mzere wathu panatuluka maliro a mayi wina wogulitsa vitumbuwa. Ana amene asewera pakhomo pake tsopano sadziwa kuti analipo, ndipo tikapita ife amene tinadyako vitumbuwa vyake, dzina lake lidzapita nafe.

Miyala ya ku Derbyshire tilibe, ndipo sitingadikire kuti wina adzatikhomere cikwangwani. Koma a ku Eyam adziwa maina aja cifukwa panali munthu amene anali kuwalemba m'buku la tchalitchi, mmodzimmodzi, maliro ali mkati. Buku ndi bolopeni tili navyo. Ine ndayamba ndi mzere wathu: ndimatumira amai foni pa Sondo, iwo atchula amene anali kukhala nyumba iliyonse, ine ndilemba. Tafika pa nyumba ya nambala 9.