Miyendo Ikatsika pa Njinga

Mpikisano wa sprint triathlon ndi theka la uja wa ku Olimpiki: kusambira mamita 750, kupalasa njinga makilomita 20, kenaka kuthamanga makilomita 5, zonsezi motsatizana, wotchi ikuwerengabe ngakhale pamene munthu akumanga nsapato. Bambo wina wa ku Nkhotakota, mlonda ku Johannesburg, anaulowa ali ndi zaka 41, pa njinga yobwereka.

Madzi sanamuopse, pakuti anakulira kunyanja. Chachilendo chinali kusambira pakati pa khamu, zigongono ndi zidendene zikumugunda kumaso, m'damu losaonetsa pansi. Pa njinga mtima unakhalako m'malo, ngakhale kuti mumzinda wokwera mamita oposa 1,700 ngati umenewu mpweya suchedwa kuperewera m'chifuwa.

Mavuto anayamba atatsika. Miyendo imene yazolowera kuzungulira imakana kuponda pansi. Ntchafu zimauma gwa, munthu n'kumadzandira ngati wakumwa. Odziwa masewerawa amakonzekera kusinthaku mwadala, kutsika pa njinga n'kuyamba kuthamanga pomwepo. Iye ankachita lililonse pa tsiku lakelake, monga mmene ntchito ya usiku inkamulolera, ndipo ndani angamudzudzule? Kilomita yoyamba anaiyenda pang'onopang'ono, manyazi atamugwira, agogo ena aimvi akumupitirira mosatekeseka. Pa yachiwiri miyendo inayamba kumumvera.

Anamaliza patatha ola limodzi ndi mphindi 52. Asanamwe n'komwe madzi, anapita kukaona ngati njinga ya eni ake inali bwinobwino.