Atate, bwerani mudzaione nyanja ya ku Cairns

Okondedwa Atate,

  Ndili ndi pempho, ndipo poti pafoni mumalizemba ndi nseko, ndati ndiliike papepala kuti amayi akhale mboni. Ndikufuna mubwere kuno ku Australia, tikayende limodzi ku Cairns, mzinda wa kumpoto kwa chigawo cha Queensland. Ndinali kumeneko patchuthi, ndipo chilichonse chimene ndinkaona, mtima unkangoti atate akanakhala pano.

Mumakonda kunena kuti madzi ndi madzi basi, wokalambira pa nyanja ya Malawi alibe chachilendo choti akaone kwina. Mawu amenewa mudzawabweza tsiku loyamba lomwe. Nyanja ya kumeneko imachoka. Mungaisiye ikumenya khoma la m'mphepete mwa mzinda, pobwerako n'kupeza yathawira kutali, yasiya matope okhaokha, mbalame za miyendo yaitali zikujompha tinkhanu. Zina mwa mbalamezo zimachokera ku Siberia ndi ku Alaska, kuthawa chisanu. Pakapita maola angapo madzi aja amabwerera pamalo pake.

Pagombe la mzindawo sasambirapo. M'mitsinje ndi m'matope mumakhala ng'ona za m'madzi amchere, zimene zina zimapitirira mamita 5. Kuyambira Novembala mpaka Meyi kumabweranso tizilombo tonga mamina totchedwa jellyfish, tokhala ndi ululu woti nkupha munthu. N'chifukwa chake m'magombe a kunja kwa mzinda mumapeza botolo la viniga lili pamtengo, loti athire pamene munthu walumidwa. Mu 2003 akuluakulu a mzinda anatsegula dziwe lalikulu losambiramo m'mphepete mwa nyanja momwemo, ndipo aliyense amalowa ulele.

Chimene ndikukuitanirani chili kutali ndi gombe, ulendo wa pafupifupi maola awiri pa boti. Ndi matanthwe a makorali otchedwa Great Barrier Reef, otalika makilomita 2,300, okhala ndi zigawo pafupifupi 2,900 ndi zilumba 900. Bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse mu 1981, kutatsala zaka zitatu kuti lilembe paki yathu ya ku Cape Maclear.

Anandipatsa galasi lovala kumaso ndi kapaipi kopumira. Nditangoviika nkhope, chinayamba kundifika ndi phokoso. Pansi pa nyanja pamatetheka, the-the-the osalekeza, ndipo pakati pa phokosolo pamamveka kukukuta. Ndinatsata kukukutako mpaka ndinapeza mwini wake: nsomba yobiriwira yotalika ngati mkono, ya mano olumikizana okhala ngati mlomo wa chinkhwe, ikupala ndere pa thanthwe monga zichitira mbuna za pa chilumba cha Thumbi. Koma iyi imaluma ndi mwala womwe, n'kuupera ndi mano a kummero, ndipo imati ikasuntha kumbuyo kwake kumatuluka kamtambo ka mchenga woyera. Mchenga wina wa pa tizilumba ta kumeneko unadutsa m'mimba mwa nsomba zoterezi. Chapansi pang'ono panali nkhono yaikulu yoti simungaikumbatire, milomo yake yabuluu ili yasa. Mthunzi wanga utadutsa pamwamba pake, inadzikoka pang'onopang'ono n'kutseka.

Matanthwe amenewa ndi amoyo, Atate. Amamangidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono tokhala m'magulu, tomwe timadzimangira nyumba za laimu, mbadwo wina pamwamba pa unzake. M'thupi mwa kachilombo kalikonse mumakhala ndere zosaoneka ndi maso. Nderezo zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kumagawira mwini nyumba, ndipo ndi zomwezo zimene zimapatsa korali mtundu wake. Madzi akatentha kupyola muyeso wa chilimwe, ngakhale ndi digiri imodzi yokha kwa masabata angapo, korali amalavula nderezo n'kutsala woyera mbuu. Amakhala asanafe, koma ali ndi njala. Madzi akazizira msanga amachira, akachedwa amafa. Zimenezi zinachitika pa dera lalikulu mu 1998 ndi 2002, kenako mu 2016, 2017, 2020, 2022 ndi 2024. Mu 2016 mokha munafa makorali pafupifupi 30 pa 100 aliwonse a m'malo osaya, makamaka kumpoto kwa Cairns. Malo owonongeka amafuna zaka khumi kapena kuposerapo kuti abwerere mwakale, ndiye taonani mmene zakazo zathinanirana. Ndinasambira pamwamba pa malo ena otero. Nthambi za makorali zinali zitathyokathyoka, zitakutidwa ndi ndere zathope, nsomba zili apo ndi apo. Ndinabwerera m'boti mtima uli wolemera.

Musaganize kuti nkhani ya nyanja yotentha ndi ya eni ake okha. Namondwe Freddy, amene anatiliza mu Malichi 2023, anabadwira m'nyanja ya kumpoto chakumadzulo kwa Australia, ndipo dzinalo anam'patsa ndi a zanyengo a dziko lino. Anatha masiku 36, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian mpaka kudzagumula mapiri ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mu Disembala chaka chomwecho namondwe Jasper anagwetsa chimvula ku Cairns mpaka madzi anadzaza bwalo la ndege. Akatswiri amati madzi a m'nyanja akamatentha, anamondwe amanyamula mvula yochuluka.

Kumtunda nako kuli zake. Mukayenda chakumpoto, kudutsa minda ya nzimbe, mumafika pa mtsinje wa Daintree, pomwe galimoto imawoloka pa pantoni yokokedwa ndi chingwe. Kutsidyako ndi nkhalango yowirira, imodzi mwa zakale kwambiri padziko lapansi, yoti masana dzuwa silifika pansi. Ku Cape Tribulation mitengo imatsika phiri mpaka kukaponda mchenga, makorali ali poteropo. Chapafupi ndi pamenepo ndi pomwe chombo cha James Cook, Endeavour, chinagunda thanthwe mu 1770. M'nkhalangomo mumakhala chimbalame chosauluka chotchedwa cassowary, chotalika ngati munthu, cha khosi labuluu ndi chipewa cholimba pamutu. Yaikazi ikaikira mazira imachoka. Yaimuna ndiyo imafungatira kwa masiku pafupifupi 50, n'kulera anapiye miyezi yambiri. Imameza zipatso zathunthu n'kukataya nthangala kutali, ndipo mitengo ina ya nthangala zikuluzikulu imadalira mbalameyi kuti ifalikire.

Koma chimene chinandikumbutsa inu kwambiri ndi anthu. Eni nthaka a kumeneko analandidwa malo awo azungu atafika, ndipo mzinda wa Cairns unakhazikitsidwa mu 1876 ngati doko la okumba golide. Mu 2021 boma la Queensland linabweza nkhalango ya Daintree kwa a mtundu wa Eastern Kuku Yalanji. A mtundu wa Yidinji, a ku Cairns konko, ali ndi nkhani za makolo zonena kuti kale gombe linali kutali, kumene kuli makorali lero, ndipo nyanja inakwera n'kumiza dziko. Ofufuza anadzapeza kuti zinaterodi zaka masauzande zapitazo, madzi oundana a padziko atasungunuka. Nkhani inayenda pakamwa mibadwo yonseyo osatayika. Masiku ano ena mwa ana awo amagwira ntchito yolondera nyanja ndi kuperekeza alendo m'maboti, ndipo akamalankhula anthu ophunzira amatchera khutu.

Inu mwakhala mukunena za chambo kuyambira ndili wamng'ono: kumene chinkaswanirana, mwezi umene chinkayandikira kugombe, ndi mmene chinayambira kuchepa. Ife ana anu tinkamva ngati madandaulo a ukalamba, pamene munkatiuza zimene maso anu anayeza kwa moyo wonse. Ndikufuna mudzakhale m'boti limodzi ndi anthu amenewa, mudzawafunse mafunso a usodzi amene ine sindingawaganize, ine ndizidzamasulira. Ndikufunanso mudzaone makoraliwo akadali ndi mitundu yawo.

Nthawi yabwino ndi Juni mpaka Ogasiti. Mvula imakhala itadukiza, kutentha kwachepa, jellyfish zoopsa zija zitasowa m'magombe. Kwanuko imeneyo ndi miyezi ya mwera, masiku ambiri bwato limakhala pamtunda, choncho simudzataya zambiri. Amayi akakana za boti, kuli sitima ya pamtunda yokwera mapiri kupita ku Kuranda, pa njanji imene inatha kumangidwa mu 1891, yodutsa m'mapanga 15 ndi pambali pa mathithi a Barron. Za matikiti ndi viza zisiyireni ine. Inu yambani za mapasipoti mwezi uno, achimwene akuperekezeni, chifukwa zimatenga nthawi.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali ndi kwa onse a pagombe. Ndikudikira yankho lanu.

Ine mwana wanu wamkazi.