Khwekhwe, Nsalu ndi Botolo la Chiponde ku Mfuwe

Tinanyamuka ku Lilongwe kusanache, ana akadali ndi tulo m'maso, n'kudutsa pa Mchinji ndi pachipata cha Mwami dzuwa lisanatenthe. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo msewu wake umatsetserekera m'chigwa cha Luangwa. Mukamatsika, thukuta nalo limayamba kutsika. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene mtsinje wa Luangwa umaphwera mpaka mvuu kumapanikizana m'timaiwe ngati nyemba mumphika. Tinkapita kukaona nyama ku South Luangwa National Park, koma chibwerereni, nkhani imene imavuta kutha pakhomo pathu si ya mikango. Ndi ya waya.

Pakiyi ndi yaikulu masikweya kilomita 9,050 ndipo inakhazikitsidwa mu 1972. Mpanda ilibe. Chakum'mawa malire ake ambiri ndi mtsinje basi, ndipo madzi akachepa njovu zimaoloka n'kumayenda m'midzi ya Akunda ngati kwawo. Choncho funso lakuti munthu wokhala moyandikana ndi nyama apindule nazo bwanji si la lero. Kale mu 1950, Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti alendo azilipira podzaona nyama m'dera la mfumuyo, ndalamazo zizithandiza anthu ake.

Tsiku loyamba tinaona mbidzi, njati, nswala zosawerengeka ndi nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft, zimene sizipezeka kwina kulikonse koma m'chigwa chimenechi. Chakumadzulo wotiyendetsa anaimitsa galimoto pafupi ndi njovu zimene zinkamwa madzi. Imodzi inali itagwada, pakamwa pali m'madzi.

"Bwanji ikumwa ngati ng'ombe?" anafunsa mwana wathu wamng'ono.

"Taona chitamba chake, mwanangu," anatero bamboyo m'Chinyanja chomwe tinkamvana bwinobwino. Chitambacho chinali chachifupi, chodukira pakati. "Khwekhwe ameneyo."

Wotchera khwekhwe safuna njovu. Amafuna nswala kapena gwape woti adye ndi ana, mwina agulitseko. Amapota waya, n'kumumangirira pamtengo m'njira yopita kumadzi. Koma waya sasankha. Amagwira mkango pakhosi, mbulu m'chiuno, nyamalikiti mwendo, ndipo nyama ikamalimbana naye m'pamene amalowerera m'mnofu. Asilikali a zanyama pamodzi ndi a bungwe la Conservation South Luangwa amayenda m'tchire n'kumachotsa misampha imeneyi, ndipo wayayo amaunjikana. Kumutaya n'kosatheka, chifukwa wina akhoza kumutola n'kukatcheranso.

M'mawa mwake tinamupeza waya uja ali pa ntchito ina. Pamalo otchedwa Mulberry Mongoose, amene anayambitsidwa ndi Kate Wilson, amayi a ku Mfuwe amadula wayayu, kumusula ndi nyundo mpaka aphwatalale, kumupota ndi kumupukuta, kenako n'kupanga mikanda ndi zibangili. Pa chilichonse chogulidwa, gawo la ndalama limabwerera kwa oteteza nyama. Anatipatsa nyundo kuti tiyese. Bambo a kunyumba kuno, amene amadzitama kuti anakulira pa khasu, anamenya kasanu waya ali gwa, amayi aja akuseka chamumtima. Kenako mmodzi anatenga nyundoyo, kumenya kawiri, ntchito n'kutha.

Apa tinasowa chochita pang'ono. M'banja mwathu sitivala mikanda kapena zibangili, monga mmene zilili m'makomo ambiri amene akuwerenga nkhaniyi. Mwana wathu wamkazi anayang'ana chibangili, n'kuyang'ana mayi ake, osanena kanthu. Sitinagule. Komabe tinatuluka tikudziwa kuti chimene chili m'manja mwa amayiwa ndi chabwino: waya amene akanapha nyama akulipirira ana sukulu. Ndiye tinadzifunsa kuti ngati pamenepa sitingaikepo ndalama yathu, tikaiike pati?

Yankho loyamba tinalipeza kumsewu wopita ku bwalo la ndege la Mfuwe, ku Tribal Textiles, kumene akhala akujambula nsalu pamanja kuyambira mu 1991. Mayi aliyense amene anaphikapo phala akhoza kuizindikira ntchitoyi. Amasakaniza ufa ndi madzi, phalalo n'kulithira m'kabotolo kobowola kukamwa, ndipo wojambula amalemba nalo chithunzi pansalu yoyera ya thonje: masamba, nkhanga, njovu, mizeremizere. Likauma padzuwa, ena amapaka utoto m'mipata ndi burashi. Nsaluyo imawotchedwa mu uvuni kuti utoto ugwire, kenako amaichapa n'kupala phala lija, ndipo pamene panali phala pamatsala mzere woyera. Tinaima nthawi yaitali kumbuyo kwa mnyamata wina amene ankajambula nkhanga popanda kuonera pena paliponse. Dzanja lake silinkanjenjemera. Nkhanga zake sizinali zofanana, ina yonenepa, ina yosuzumira kumbali, ndipo n'chifukwa chake tinazikonda. Thumba lathu linali lopepuka, choncho tinagula kansalu kamodzi ka patebulo titawerengetsa kawiri makwacha a ku Zambia amene tinatsala nawo.

Yankho lachiwiri linali m'mbale, ndipo ndi limene latikhalitsa pansi kwambiri. Pamsasa umene tinagona tinawauza ophika kuti sitidya nyama, tikuyembekezera kuti atipatsa kabichi ndi chifundo. Anatibweretsera nsima, nkhwani wotendera, nyemba ndi tomato wa m'madimba a komweko. M'mawa kunabwera buledi, uchi ndi chiponde cha m'botolo lolembedwa kuti It's Wild! Dzinali ndi la zakudya za COMACO, bungwe limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003 ataona kuti ambiri opha nyama mozemba si zigawenga, koma alimi amene nkhokwe zawo zimatha chaka chisanathe.

Mmene amachitira n'zosavuta kumva. Mlimi amapereka mfuti kapena makhwekhwe ake, n'kulonjeza kulima mosamala nthaka: kusatentha mapesi, kusinthanitsa chimanga ndi mtedza kapena soya, kubzala mitengo ya gilisidiya m'munda kuti masamba ake akhale manyowa. Bungwelo limamuphunzitsa, kenako n'kumugula zokolola pamtengo wabwinoko. Mtedza umasanduka chiponde, mpunga wa ku Chama umalongedzedwa m'mapaketi, ndipo uchi umachokera m'ming'oma yopachikidwa m'mitengo. Mtengo umene uli ndi mng'oma mwini wake saulola kuti ugwetsedwe n'kuotchedwa makala. Ife timakonda kunena za mtedza, nyemba ndi soya ngati zakudya zomanga thupi m'malo mwa nyama, ndipo n'zoona. Sitinkadziwa kuti kuchigwa kuno mtedza womwewo ukulowa m'malo mwa nyama kawiri: m'mbale ya wodya ndi m'thumba la wolima.

Tisakometse nkhani mopitirira. Tsiku lomaliza tinapita kumsika wa ku Mfuwe kukagula zapaulendo, ndipo tinacheza ndi mayi wina wogulitsa tomato ndi repu. Titamuuza za njovu yachitamba chodukayo, sanaonetse chisoni chimene tinkayembekezera.

"Inu amayi, munaiona masana muli m'galimoto," anatero akutiikira basera. "Ine ndimaiona usiku ili m'dimba mwanga. Chaka chatha zinadya chimanga chonse usiku umodzi. Mukanakhala inu mukanatani?"

Tinalibe yankho. Anatifotokozera za zimene amayesa: kumanga zingwe zopaka tsabola wosakaniza ndi oilo wakutha kuzungulira munda, kufukiza ndowe zosakaniza ndi tsabola, kugona kumunda ndi zitini zoimba. Nthawi zina zimathandiza, nthawi zina njovu imangodutsa. Ku Mfuwe Lodge, mkati mwa paki, njovu zimatchuka chifukwa cholowa pakhomo lolandirira alendo chaka ndi chaka popita kukadya zipatso za mtondo umene uli kuseri, ndipo alendo amajambula mosangalala. Nyama yomweyo ikalowa pakhomo pa mayiyu, palibe amene amajambula.

Chimene chimamugwira mtima, anatero, n'chakuti tomato wake wambiri amagulidwa ndi malo ogona alendo, ndipo mwana wake wamkulu amatsuka mbale kumodzi mwa malowo. "Njovu zikatha, azungu sabwera. Azungu akapanda kubwera, tomato ameneyu ndidya ndekha?" Anaseka, koma anali atawerengera kale zonse. Kwa ife zinaoneka kuti nyama za m'pakimu zikutetezedwa ndi masamu a mayi ameneyu kuposa zikwangwani zonse zimene tinawerenga pachipata. Ndipo masamuwo akhoza kutembenuka. Zipembere zinalimo zambiri m'chigwachi, koma opha nyama anazimaliza, moti lero mu South Luangwa mulibe ndi chimodzi chomwe. Malo odyera akamaitanitsa ndiwo zonse ku Lusaka, kapena mlendo akamabwera ndi katundu yense wa kwawo osasiya kanthu pamsika, mayi uja amatsala ndi njovu yokha.

Tinagula tomato wambiri kuposa amene tikanatha kudya, mabotolo atatu a chiponde, limodzi la uchi ndi paketi ya mpunga. Pachitunda chotulukira m'chigwa galimoto inatentha, ndipo tinakhala pamthunzi ola lathunthu tikudya buledi wopaka chipondecho ndi mpeni wa m'thumba.

Kansalu ka nkhanga kaja timayala patebulo Lachisanu madzulo. Mabotolo awiri anatha mwezi usanathe. Lachitatu mayi a kunyumba kuno analibisa kuseri kwa ufa, koma dzulo tinapeza chivindikiro chili chomasuka, m'kati muli mphako ya supuni, ndipo mpaka pano palibe amene wavomera.