Kuchokera ku Lumbadzi kukafika ku Jeddah



Zaka zino Ramadhan ikutipeza tikuthyola fodya ndi kusoka m'zigafa. Tikapemphera Tarawehe, nkhani imodzi imabwerabwera pakhomo la mzikiti kuno ku Mtunthama: Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adaphunzitsa kuti Umrah ya mu Ramadhan malipiro ake amafanana ndi a Hajj. Ana athu a sukulu amafunsa kuti kodi ku Makka n'kutali bwanji.

Kuchokera pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pabwalo la King Abdulaziz ku Jeddah pali makilomita pafupifupi 4,000. Ambiri amadzera ku Addis Ababa pa ndege ya Ethiopian Airlines. Chigawo choyamba ndi cha makilomita pafupifupi 2,600, maola ngati anayi. Chachiwiri ndi cha makilomita pafupifupi 1,400, maola awiri ndi theka. Kupatula nthawi yodikira ndege yachiwiri, ulendo wonse wamumlengalenga ndi waufupi kuposa tsiku limodzi la kumanga. Ukatera, umakankha wotchi patsogolo ndi ola limodzi.

Chisilamu chimamupeputsira munthu wapaulendo. Ma Ulama amati ulendo wopitirira pang'ono makilomita 80 umaloleza kupungula Swala komanso kumasula, n'kudzabweza masikuwo Ramadhan ikatha. Choncho wochokera kuno chilolezochi chimamukhudza ngakhale paulendo wapamsewu wopita ku Lumbadzi. Amene wasankha kumangabe asatsatire nthawi ya adhana ya kumudzi. Amasule dzuwa likalowa pamene iye ali, ndipo mumlengalenga limachedwa kulowa kusiyana ndi pansi. Ihram nayo ndi bwino kuivaliratu ku Addis Ababa, chifukwa ndege imadutsa malire a Miqat isanatere ku Jeddah.

Koma ife alimi timadziwa kuti mtunda uwu sitiuyeza ndi maola. Timauyeza ndi mabelo. Ndalama za ku msika wa Chinkhoma zikabwera, feteleza wa ngongole amatenga zake, antchito amatenga zawo, fizi ya ana nayo ili pomwepo. Zotsalazo n'zimene zimalowa m'thumba la tikiti, imene mtengo wake umatsatira dola. Banja limasunga zaka zambiri, kwacha ikagwa n'kubwereranso m'mbuyo. Alipo akuluakulu athu amene adamwalira pasipoti ili m'sutikesi.

Apa mpamene mtima ungathe kuwawa, makamaka tikaona zithunzi za anzathu pa WhatsApp atazungulira Ka'aba. Tikumbutsane kuti Allah adalamula Hajj kwa okhawo amene angakwanitse, ndipo sakondwera ndi ulendo wolipiridwa ndi thukuta la wantchito amene sadalandire malipiro ake. Tiyambe talipira otithandiza m'munda, tibweze ngongole, tipereke Zakaat, kenako tisunge za ulendo.

Tikaima pa Swala kuno timayang'ana kumpoto, kupendekera pang'ono kummawa, komwe ndege ija imalowera. Kasanu pa tsiku nkhope zathu zimaloza ku Ka'aba, wolemera ndi wosauka phewa ndi phewa. M'masiku khumi omalizawa tipemphe kuti Allah afikitse mapazi athu komwe nkhope zathu zakhala zikuloza, ndi kuti amene sadzakwera ndegeyo awalembere malipiro a niya yawo. Ameen.