Tsiku Limene Mwana Akwera pa Bwalo: Zimene Tinaona ku Chennai

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za madzulo ena amene tinaona zodabwitsa ku Chennai, mzinda waukuru wa kumwera kwa dziko la India. Mzindawu uli m'mbali mwa nyanja ya mcere yochedwa Bay of Bengal, ndipo ndiwo likuru la cigawo ca Tamil Nadu. Kufikira caka ca 1996 unadziwika ndi dzina lakuti Madras. Ife tinafikira ku Mylapore, dera lakalekale la mzindawo, kumene kuli chalichi ca San Thome, comangidwa pa malo amene Akristu a komweko anena kuti ndi manda a Tomasi Woyera Mtumwi. Munthu akayenda pang'ono kuloza kumadzulo afika pa kacisi wamkuru wa Ahindu wochedwa Kapaleeshwarar, ndi thamanda lace lalikuru. M'miseu ya pakati pa nyumba ziwirizi akazi akhala pansi alikutunga maluwa oyera onunkhira pa ulusi, ndipo m'mamawa alemba maanga okongola ndi ufa pa makomo a nyumba zao.

Tsiku ndi tsiku, dzuwa lisanayambe kuwamba, tinalikumva kamtengo kakugogoda pa thabwa m'cipinda ca pamwamba coyandikana ndi cathu, ndiponso mapazi ambiri akupondera pamodzi. Tsiku lacitatu tinafunsa mwini nyumba amene anatisunga, mkuru wa imvi wodziwa Cingerezi, kuti, "Bambo, kodi m'mwambamo muli nchito yanji?" Iye anaseka nati, "Alendo anga, imeneyo ndi sukulu ya gule wathu wochedwa Bharatanatyam. Mdzukulu wanga waphunzira m'menemo zaka 8, ndipo Loweruka lino adzabvina yekha pamaso pa anthu nthawi yoyamba. Mukapanda kubwera mudzandicititsa manyazi."

Tsiku lotere alicha arangetram, ndiko kunena m'cinenero ca Tamil, kukwera pa bwalo. Mwambowu suli wa dzulodzulo ai. Buku lao lakale lochedwa Silappatikaram, lolembedwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, lisimba za mtsikana dzina lace Madhavi, amene anaphunzira zaka 7, nabvina koyamba pamaso pa mfumu mu mzinda wa Puhar ali ndi zaka 12. Koma cimene cinatidabwitsa koposa ndi ici: tsikulo salisankha mwana, salisankhanso makolo, ngakhale ndiwo alipira ndalama zonse. Wolisankha ndiye mphunzitsi, amene amucha guru. Mkuru uja anatiululira kuti zaka ziwiri m'mbuyomo amace a mtsikanayo anapita kukapempha kuti mwana wao akwere, popeza anzace ena a msinkhu wace anali atakwera kale. Mphunzitsiyo, mai wokalamba wa mau ocepa, anayankha nati, "Amai, mapazi a mwana wanu adziwa zonse, koma nkhope yace sinayambe kulankhula. Dikirani." Amace anabwera kunyumba ali ndi msunamo, koma anadikira, pakuti kuthamanga sikufika.

Lacinai tinaloledwa kukwera m'cipindamo kuti tione maphunziro. Munalibe mipando kapena magome, koma mkeka wa mphunzitsi wokha. Ana asanayambe, aliyense anawerama nakhudza pansi ndi zala, nakhudza maso ace. Anatiuza kuti potero apepesa nthaka cifukwa adzaiponda mwamphamvu. Pamenepo onse anaima monga aima obvina gule ameneyu: zidendene pamodzi, zala za kumapazi kuloza kunja, maondo opindika, msana wowongoka, monga munthu wokhala pa mpando wosaoneka. Kaimidwe kameneka akacha aramandi. Ife tinayesa m'cipinda cathu usiku, ndipo ncafu zathu zinanjenjemera mphindi imodzi isanathe. Koma anawo akhala motero nthawi yaitali, alikupondaponda monga kamtengo kawalamulira. Mapondedwe ang'onoang'ono ameneŵa, ochedwa adavu, ali ngati malemba a alifabeti, ndipo mwana atha zaka alikuwabwereza asanapatsidwe gule wathunthu. Aphunziranso kulankhula ndi manja: dzanja limodzi lokha liri ndi zizindikiro 28, ndipo nazo aonetsa duwa, mphalapala, mwezi, njuci kapena mtsinje. Potsiriza aphunzira cobvuta copambana zonse, ndico kuonetsa ndi maso ndi nsidze ndi milomo mitundu 9 ya zocitika mu mtima wa munthu, monga cikondi, cisoni, mkwiyo, mantha, kudabwa ndi mtendere.

Potsika pa makwerero mkuru uja anatiuza mau amene sitinawayembekeze. Anati, "Masiku a agogo anga mtsikana wa pa banja ngati lathu sakadayerekeza kumanga timabelu ku miyendo." Tsono anatifotokozera mbiri yace. Kale guleyu anachedwa sadir, ndipo anabvinidwa ndi akazi a mabanja ena operekedwa ku nchito ya m'kacisi, ochedwa devadasi, pamodzi ndi amuna a mtundu wao amene anali aphunzitsi ndi oyimba. Pa nthawi ya ulamuliro wa Angerezi dzina la akaziwa linanyozeka, ndipo anthu ambiri anafuna kuti mwambo wopereka ana akazi ku kacisi uleke. Mmodzi wa otsogolera anali dotolo wamkazi Muthulakshmi Reddy, ndipo lamulo louletsa linakhazikitsidwa ku Madras m'caka ca 1947. Gule yemwe akadafera pomwepo, koma panauka anthu omulanditsa. E. Krishna Iyer, wodziwa malamulo, analimbika kuti abvinidwe pa bwalo la Music Academy, bungwe la zoyimba lomwe linayamba m'caka ca 1928. Rukmini Devi Arundale, mkazi wa pa banja lomveka, anabvina poyera m'caka ca 1935, anthu ambiri nang'ung'udza; ndipo m'caka ca 1936 anatsegula sukulu ya Kalakshetra, imene ilipo kufikira lero. Koma tisabise coona: mabanja akale aja amene anasunga guleyu mibadwomibadwo, ambiri anakankhidwira pambali, ena nalandira ulemu. Mwa owerengeka amene anaima nji anali Balasaraswati, wobadwa m'caka ca 1918, amene anakwera pa bwalo ku Kanchipuram ali ndi zaka 7 zokha, nachuka kufikira maiko akutali asanamwalire m'caka ca 1984.

Loweruka linafika. Nthawi ya 6 koloko madzulo, mphepo ya kunyanja itayamba kuziziritsa mzinda, tinalowa m'nyumba ya masewero yodzala ndi abale, anansi ndi aphunzitsi ena a gule, amene maso ao saphonya kanthu. Pa ngodya ya bwalo panayaka nyali ya mkuwa patsogolo pa cifanizo ca Nataraja, ndiye Siva amene Ahindu amlemekeza monga mwini gule. Ku dzanja lathu lamanzere kunakhala pansi anthu asanu: woyimba nyimbo, woomba ng'oma ya mbali ziwiri yochedwa mridangam, woliza vayolini, woliza citoliro, ndi mphunzitsi uja atagwira tizitsulo tiwiri togogodera nthawi. Atate ace a mtsikanayo, amene ali kalaliki wa malipiro ocepa, anaima pa khomo alikulonjera alendo. Tinamva kuti anasunga ndalama zaka zingapo kuti alipire nyumbayo, oyimba, zobvala za silika ndi cakudya ca khamu lonselo.

Mtsikanayo anaturuka, buthu la zaka 15, ndipo tinalephera kumzindikira. Nsonga za zala zace ndi m'mbali mwa mapazi ace munali mofiira ndi utoto, kuti anthu a kumbuyo aone ciri conse cimene acita. M'tsitsi munali maluwa oyera aja. Ndi ku akakolo ace kunali timabelu ta mkuwa tosokerera pa cikopa, timene mphunzitsi wace anatidalitsa natipereka m'manja mwace. Timabelu timeneti ndi mboni yosanama, pakuti phazi likacedwa kapena kufulumira, nyumba yonse imva.

Magule a tsikuli atsatana mwa dongosolo lochedwa margam, ndiko kunena njira. Analikonza ndiwo abale anai a ku Thanjavur, Chinnaiah, Ponniah, Sivanandam ndi Vadivelu, amene anatumikira pa bwalo la mfumu Serfoji II kuciyambi kwa zaka za 1800. Poyamba pali alarippu, gule wamfupi amene thupi litseguka pang'onopang'ono monga duwa, kuyambira maso ndi khosi kufikira mapazi. Atsata jatiswaram, wa mapondedwe okhaokha wopanda nkhani. Kenaka shabdam, mmene mau a nyimbo ayamba kulowa. Pakati pa zonse pali varnam, ndiye mtima wa madzulowo ndi ciyeso ceniceni, pakuti atenga mphindi 30 kapena 40, ndipo wobvina asinthasintha pakati pa mapondedwe aliwiro ndi kusimba nkhani ndi nkhope, osapumula.

M'kati mwa varnam ameneyu munacitika cimene sitidzaiwala. Thukuta linali litanyowetsa silika wace, ndipo pa mapondedwe ena ofulumira kwambiri mtsikanayo anasokonezeka kuwerenga. Timabelu tinalira posayenera, kenaka tinakhala cete. Iye anaima pakati pa bwalo, manja ali m'mwamba, maso atatong'oka. Nyumba yonse inati zii. Amace, amene anakhala patsogolo pathu, anafumbata nsaru yao ndi manja onse awiri, nafuna kunyamuka, koma mkuru uja anawagwira pa mkono nanong'ona kuti, "Khala pansi, mwana wanga. Lero si tsiku lako." Tinayang'ana mphunzitsi. Iye sanaimitse oyimba, sanakwinye nkhope, sanamkodole ndi dzanja. Anangopitiriza kugogoda tizitsulo tace, nakweza mau ace pang'ono pochula mapondedwewo, ndipo wa ng'oma anatsata. Nthawi inazungulira kamodzi, ndipo pamene inafikanso poyambira, phazi la mtsikanayo linagwa pansi pa nthawi yace yeniyeni, monga munthu wolumphira m'bwato loyenda. Anabvina kufikira mapeto osalakwanso. Zonsezi sizinathe ngakhale nthawi ya kupuma kasanu, koma ife tinayesa ora lathunthu.

Atapumula ndi kusintha zobvala anabwera ndi nyimbo zofatsa zochedwa padam, mmene mapazi acepa nchito ndipo nkhope ndiyo ilankhula. Anasimba nthano yao ya mwana Krishna amene anadya dothi, ndi amace Yasoda amene anamkalipira kuti ayasamule, naona dziko lonse ndi nyenyezi m'kamwa mwace. Mtsikana mmodzi yemweyo anali mwana wokana mlandu, anali mai wokwiya, analinso mai wogwidwa ndi mantha. Ndipo ife, osadziwa ngakhale liu limodzi la nyimboyo, tinamva nkhani yonse. Pamenepo tinazindikira cifukwa cace mphunzitsi anakaniza zaka ziwiri zija. Anatsiriza ndi tillana, gule wa cimwemwe ndi liwiro, anthu naomba m'manja nthawi yaitali. Iye anayamba wagwada nakhudza mapazi a mphunzitsi wace, pambuyo pace a oyimba ndi a makolo ace. Ndipo atate ace anapfunditsa mphunzitsiyo nsaru yaulemu, misozi irikutsika.

Pobwerera kunyumba tinayamika mkuru uja, koma iye anapukusa mutu nati, "Musafulumire. Masiku ano mabanja ambiri asandutsa tsikuli mpikisano wa cuma, monga ukwati. Phwando likatha, mwana aika timabelu m'bokosi, osatiturutsanso. Dzina lace litanthauza kukwera. Koma ambiri akwera kamodzi natsika cikhalire. Za mdzukulu wanga tidzadziwa Lolemba."

Lolemba m'mamawa kamtengo kaja kanayambanso kugogoda. Tinakwera makwerero mwakacetecete, ndi kusuzumira pa khomo. Mtsikanayo analimo, atabvala nsaru yace yakale ya thonje, wopanda maluwa, ndi utoto wofiira usanafufutike bwino ku mapazi. Anaima mu mzere wa kumbuyo pamodzi ndi tiana ta zaka 6 ndi 7, maondo opindika, alikubwereza phunziro loyamba la onse, kuponda phazi lamanja ndi lamanzere. Mphunzitsi anamuuza kuti atsitse thupi pang'ono, ndipo iye anatsitsa.

Atate ndi amai, ife tonse tiri ndi ana amene tsiku lina adzaima okha pamaso pa anthu, wina pa mayeso, wina pa nchito, wina pa banja lace. Tsiku limenelo adzapunthwa ndithu, ndipo sitidzaloledwa kunyamuka kukawagwira dzanja. Cimene cidzawabweza pa njira ndi zimene tinawabwerezetsa m'mamawa wambirimbiri pamene kunalibe woomba m'manja. Pakuti m'mera mpoyamba. Cotero tisafulumire kuwakweza cifukwa ana a anansi akwera, ndipo akasokonezeka tisaleke kugogoda nthawi mofatsa monga mai wokalamba uja wa ku Mylapore.