Mtsogoleri wa VVD amene anaposedwa ndi womutsatira

Aphunzitsi anzanga, tamvani za chipani cha VVD cha ku Netherlands. Kumeneko wapampando amangosamala za maofesi ndi mamembala. Mtsogoleri weniweni ndi amene dzina lake limayamba pamndandanda wa opikisana pachisankho.

Mu 2006 mamembala anasankha a Mark Rutte, n'kusiya mayi Rita Verdonk. Koma pachisankho cha dziko chaka chomwecho, mayiwa anapeza mavoti ambiri kuposa mtsogoleri wawo. Manyazi bwanji! Ine ndikanatula pansi udindo. A Rutte ayi ndithu. Mu 2007 anawachotsa mayiwa pagulu la aphungu a chipanicho, n'kuchitsogolera mpaka 2023.

Komatu bambowa, ali nduna yaikulu kuyambira 2010, ankapitabe kamodzi pasabata kukaphunzitsa pasekondale ina ku The Hague. Pokhapo ndimawavulira chipewa.